Tikufuna kuthandiza ophunzira osaona Loweruka lililonse, tiyambire pati?

Wongoyamba kumene analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndife achinyamata 6 a mpingo umodzi, ena tinamaliza koleji, ena tili pa ntchito. Pafupi ndi kwathu pali sukulu ya sekondale imene ili ndi chipinda cha resource, chothandiziramo ophunzira aulumali, ndipo kuli ophunzira osaona ndi ena oona movutikira, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Tagwirizana kuti tizipereka maola atatu Loweruka lililonse m'mawa kuwathandiza pa maphunziro, ndipo amene akumaliza tiziwathandiza kuganizira za koleji ndi ntchito. Tili ndi malaputopu awiri, mafoni athu, ndi kandalama kochepa kamene timasonkha mwezi ndi mwezi. Palibe mwa ife amene amadziwa braille, zilembo zotukuka zimene osaona amawerenga ndi zala. Tiyambire pati? Popanda braille tingathandizedi? Nanga kandalamako tigule chiyani choyamba kuti kasapite pachabe?

Aphunzitsi a ku resource anayankha:

Mwachita bwino kufunsa musanapite, paja safunsa anadya phula. Ndalamayo isungeni kaye. Lembani kalata kwa ahedi yonena kuti ndinu ndani, muzibwera tsiku liti, maola angati, ndipo mupitiriza mpaka liti. Lonjezani zimene mungakwanitse. Teremu imodzi yathunthu osadumphitsa Loweruka iposa chaka chonse cha "tibwera tikapeza mpata", chifukwa mwana amene mwamulonjeza mutu 5 wa Biology amaleka kufunafuna wina womuwerengera, ndiye inu mukapanda kubwera, watsalira kuposa poyamba.

Ahedi akutumizani kwa mphunzitsi wa ku resource. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa anachita maphunziro awo ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo ndi amene amadziwa kuti uyu amawerenga braille, uyu amafuna zilembo zikuluzikulu, uyu maso asiya kuona chaka chathachi ndipo sanagwirebe njira iliyonse. Mukatero khalani pansi ndi ophunzirawo, muwafunse eni ake phunziro limene likuwavuta ndi mmene amakondera kulandira zowerenga. Wina anayamba braille ali wamng'ono ku Chilanga ku Kasungu kapena ku Lulwe ku Nsanje, zala zake zimathamanga. Wina amadalira makutu okha.

Chimene chimabweza ophunzirawa m'mbuyo kwambiri ndi kuchedwa kwa zowerenga. Mnzawo woona amakopera manotsi pa bolodi tsiku lomwelo. Iwo amadikira kuti wina awawerengere kapena manotsiwo alembedwe mu braille, pamene mphunzitsi wa ku resource ndi mmodzi kapena awiri pa maphunziro onse a makalasi onse. Nthawi zina manotsi amafika m'manja mwa mwana mayeso a mutuwo atalembedwa kale. Ntchito yanu ili pamenepa. Pemphani aphunzitsi a phunziro lililonse akuuzeni mitu imene aphunzitse masabata awiri akubwerawa, inu muzikonzeratu imeneyo, kuti mwana azilowa m'kalasi atawerenga kale.

Powerengera munthu, werengani zimene zalembedwa, m'chilankhulo chimene zalembedwa. Musafupikitse, musamasulire m'Chichewa pokhapokha mwiniwake atapempha, chifukwa mayeso adzabwera m'Chingerezi chomwecho. Tchulani dzina la buku, mutu ndi nambala ya tsamba nthawi iliyonse mukatsegula tsamba latsopano. Liwu lachilendo monga "photosynthesis" kapena dzina la malo, litchuleni kenako mulisipele chilembo chimodzichimodzi, popeza khutu silimva kalembedwe. Pa tebulo, nenani kaye kuti lili ndi mizere ingati ndi mitu yake, ndipo muzibwereza mutuwo pa nambala iliyonse. Pa masamu ndiye pofunika kusamala zedi: "x plus 1 over 2" ndi "x plus 1, all over 2" ndi masamu awiri osiyana, ndipo womvera alibe poonera kuti mukunena ati. Nenani potsegula ndi potseka bulaketi.

Ngati mukujambula mawu pa foni, itsekeni netiweki kuti kuimba kusadule, muiike pafupifupi masentimita 20 kuchokera pakamwa, m'chipinda chokhala ndi makatani kapena matiresi kuti mawu asamveke ngati muli m'mgolo. Kukugwa mvula pa malata musavutike n'kujambula komwe. Yesani theka la mphindi, mumvetsere, kenako mupitirize. Fayilo iliyonse isapitirire mphindi 10 kapena 15, ndipo dzina lake linene zonse, monga Bio_F3_Mutu04_tsamba45-52. Fayilo ya ola lathunthu yotchedwa "Recording 27" mwana sangapezemo ndime imene akufuna usiku woti mawa ndi mayeso. MP3 ya 64 kbps imatenga pafupifupi 30 MB pa ola, ndiye memori khadi yaing'ono imanyamula teremu yonse.

Za braille, musaope. Munthu woona amaiwerenga ndi maso, ndipo zilembo 26 mungazigwire m'masabata ochepa. Chilembo chilichonse chimakhala m'kabokosi ka timadontho 6 totukuka: 1, 2, 3 kutsika kumanzere, 4, 5, 6 kutsika kumanja. Mukaloweza a mpaka j mwatha gawo lalikulu. Kuyambira k mpaka t ndi zomwezo kuwonjezera kadontho 3, ndipo u, v, x, y, z muwonjezera 3 ndi 6. Chilembo w chili pachokha, timadontho 2, 4, 5, 6, chifukwa Chifalansa cha nthawi ya Louis Braille sichinkachigwiritsa ntchito kwenikweni. Kwa ife a Chichewa, w ali paliponse, ndipo amafanana ndi r wotembenuzidwa, choncho oyamba kumene amasokoneza ziwirizi. Chimodzimodzi e ndi i, d ndi f, h ndi j. Manambala ndi zilembo a mpaka j zokhala ndi chizindikiro cha nambala patsogolo, timadontho 3, 4, 5, 6. Chingerezi cha ku sekondale chimalembedwa mofupikitsa, Grade 2, mmene "the" kapena "and" amakhala kabokosi kamodzi. Imeneyo imatenga miyezi, pemphani tchati chake ku resource.

Mukaidziwa braille mwatsegula ntchito imene imasowa anthu: kulemba ndi cholembera pamwamba pa mzere uliwonse wa braille zimene mwana walemba, kuti mphunzitsi wa kalasi athe kuchonga. Homuweki yambiri imakhala masabata osachongedwa chifukwa chosowa wochita zimenezi. Lamulo lake ndi limodzi: koperani zolakwika zomwe. Mwana akalemba "recieve", inunso lembani "recieve". Mukamukonzera, mphunzitsi saona vutolo ndipo lidzatulukira pa MSCE.

Pa zogula, funsani chimene chatha. Kawirikawiri ndi mapepala. Pepala la braille ndi lolimba, cha m'ma 140 mpaka 160 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), pamene wamba wa fotokope ndi 80 gsm ndipo timadontho timabooka kapena kufafanizika msanga. Tsamba limodzi la buku limadya masamba awiri kapena atatu a braille, ndiye mapepala amatha ngati mchere. Makalendala akale ndi zikuto za mafayilo, mutazidula bwino, zimathandiza pa zoyeserera. Pambuyo pa mapepala pali ma stylus, tizitsulo tosongoka toboolera timadontho pa hand frame (kachipangizo kolembera braille pamanja), amene amasowa tsiku ndi tsiku, kenako kukonzetsa makina a Perkins otayipira braille amene anafa ali pakona. Makina amenewa ndi achitsulo, olemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo amakhalitsa zaka zambiri akamavindikiridwa ku fumbi. Chimene chimawapha ndi fumbi, kukoka pepala osamasula chogwirira, ndi kuthiramo mafuta ophikira kapena a njinga, amene amauma n'kumata mabatani. Musawamasule nokha.

Wa makompyuta anayankha:

Ndiwonjezere pa malaputopu awiriwo, chifukwa ndi chuma chachikulu chimene muli nacho, achimwene.

Ikanimo NVDA. Ndi pulogalamu yaulere yowerenga mokweza zonse za pa sikirini ya Windows, yopangidwa ndi NV Access ya ku Australia, ndipo inayamba mu 2006. JAWS imagwira ntchito yomweyo koma ndi yogula. Mukamaika NVDA, sankhani kiyibodi ya "laptop" ndipo mulole kuti Caps Lock ikhale batani la NVDA, chifukwa pa malaputopu ambiri batani la Insert, limene limagwira ntchitoyi mwachizolowezi, ndi lobisika. Ctrl+Alt+N imaiyatsa. Ctrl imaikhalitsa chete. NVDA+A imawerenga kuyambira pamene muli mpaka kumapeto. NVDA+1 imayatsa njira yophunzirira, mmene batani lililonse limangonena dzina lake osachita kanthu, ndipo tsiku loyamba la wophunzira lithere pamenepo. Mungathenso kuika NVDA pa fulashi kuti mwana aziyenda nayo n'kuigwiritsa ntchito pa kompyuta ya wina.

Inuyo musanaphunzitse aliyense, zulani mausi, phimbani sikirini ndi nsalu, mutsegule Word, mulembe ndime, musunge, mutseke, mupezenso fayiloyo. Mukalephera, simunakonzeke. Cholakwika chachikulu cha othandiza oona n'chakuti mwana akasochera pang'ono amagwira mausi n'kumukonzera. Watha mphindi imodzi, koma mwana sanaphunzire kanthu ndipo Lolemba inu kulibe. Manja anu akhale pa maondo, muzifunsa kuti "yanena chiyani?"

Kutayipa kuyambe msanga. Pa F ndi J pali timizere totukuka, zala zolozera zikhale pamenepo. Mphindi 20 Loweruka lililonse pa mzere wapakati, kenako wapamwamba, kenako wapansi. Mwana akamatayipa bwino amalemba ntchito imene mphunzitsi aliyense angawerenge popanda womasulira, ndipo ku koleji ndi ku ntchito zimenezi ndiye zimafunika.

Liwu la Chingerezi limapotoza Chichewa mpaka osamveka. Dinani NVDA+Ctrl+S musankhe pulogalamu yotulutsa mawu ya eSpeak NG, kenako NVDA+Ctrl+V musinthe liwu likhale la Swahili. Silokoma m'khutu, koma mavawelo ndi kakokedwe ka mawu n'zoyandikana ndi zathu, ndiye manotsi a Chichewa amamveka.

Manotsi muziwatayipa mu Word, mitu muziipatsa Heading yeniyeni podina Ctrl+Alt+1 kapena 2. Kungokulitsa zilembo n'kuzidetsa sikuthandiza, NVDA siiona ngati mutu. Ikakhala Heading yeniyeni, mwana amadina NVDA+Space kenako H, n'kumadumpha mutu ndi mutu ngati mmene woona amatsegulira masamba. Musafole zinthu ndi batani la space, musagwiritse ntchito text box, ndipo chithunzi chilichonse chikhale ndi chiganizo chofotokoza. Fayilo yotayipidwa bwino kamodzi imagwira ntchito zitatu: imawerengedwa ndi NVDA, imakulitsidwa kwa oona pang'ono, ndipo kumene kuli makina osindikiza braille imasandulizidwa mosavuta.

PDF yambiri imene imayenda pa WhatsApp ndi zithunzi chabe za masamba. Kuti mudziwe, dinani Ctrl+A, Ctrl+C, muike mu Notepad. Pakapanda kutuluka mawu, ndi chithunzi, ndipo kwa wosaona ndi tsamba lopanda kanthu. Ikwezeni pa Google Drive n'kuitsegula ndi Google Docs kuti isanduke mawu, kapena mujambule ndi sikana pa 300 dpi. Kenako iwerengeni mzere ndi mzere mutagwira bukulo, chifukwa makina amasokoneza l ndi 1, O ndi 0, rn ndi m, amasakaniza mizati iwiri ya tsamba, ndipo m'Chichewa amataya kachizindikiro ka mu ng' ndi m'. Zolemba pamanja ndi masamu musayese n'komwe, tayipani. Za ufulu wa eni mabuku, dziko lathu linalowa m'pangano la Marrakesh mu 2017, limene cholinga chake n'chakuti mabuku azisandulizidwa kuti osaona awerenge. Chitani zimenezi kudzera ku sukulu, za ana amenewa okha, osagulitsa kapena kumwaza m'magulu.

Mafoni nawo ali ndi mapulogalamu owerenga mokweza za pa sikirini: pa foni za Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver. Kugunda kamodzi kumanena chinthu, kugunda kawiri kumachitsegula, zala ziwiri pa Android, kapena zitatu pa iPhone, zimakweza ndi kutsitsa tsamba. Foni zotchipa kwambiri za memori yochepa zimachedwa kuyankha TalkBack ikayatsidwa, ndiye yesani musanagule. Ndipo uzani gulu la WhatsApp la kalasi kuti chithunzi cha bolodi sichilankhula, wina azitayipa uthengawo.

Wongoyamba kumene analemba:

Zikomo kwambiri nonse awiri, takopera zonse. Ndiye ngati mawu ojambula ndi NVDA zikugwira ntchito chonchi, braille ikufunikabe kwa anawo? Komanso mnzathu wina akuopa kuti sadziwa kuyenda ndi munthu wosaona, angamugwetse.

Aphunzitsi a ku resource anayankha:

Ikufunika, ndipo apa sindisuntha. Womvera yekha sadziwa kuti "their" ndi "there" amalembedwa mosiyana, saona pamene ndime yathera, ndipo samu ya mizere isanu sangaisunge m'mutu. Magetsi akazima batire n'kutha, pepala la braille likadalipo. Mawu ojambula ndi abwino pa History, Social Studies ndi mabuku a Literature, mmene zowerenga n'zambiri. Masamu, sipelo, galamala ndi manotsi obwereza mayeso akayandikira zikhale m'zala. Mabuku a braille muziwaimika chilili pa shelefu, chifukwa mukawasanjikiza timadontho timaphwanyika, ndipo akhale kutali ndi chinyontho ndi chiswe.

Zojambula za m'buku mungazipange nokha: katoni, guluu wa matabwa, ulusi wa thonje, mchenga, nyemba. Pa mapu a Malawi, malire akhale ulusi wokhuthala, nyanja mchenga, mtsinje wa Shire ulusi wowonda, mizinda nyemba. Chotsani zokongoletsa zonse, mizere italikirane mwina chala chimodzi, mapu onse asapose manja awiri otambasula, ndipo agone usiku kuti aume. Mwana ayambe wapapasa chinthu chonse, kenako zigawo zake. Pamene chinthu chenicheni chikupezeka, bweretsani chomwecho: duwa, fupa, mtima wa mbuzi wa ku butchala.

Mlangizi wa ndodo yoyera anayankha:

Mnzanuyo asaope, ndi zophunzirika m'mphindi 10. Choyamba funsani ngati munthuyo akufuna thandizo. Akavomera, gundani kumbuyo kwa dzanja lake ndi lanu, iye agwira mkono wanu pamwamba pang'ono pa chigongono, ndipo ayenda theka la sitepe kumbuyo kwanu. Thupi lanu likakhota kapena kutsika, iye amamva. Musamukankhe kutsogolo, musamukoke dzanja, ndipo ndodo yake musaigwire, imeneyo ndi maso ake. Pa njira yopapatiza, pindirani mkono wanu kumsana, iye alowa kumbuyo kwanu. Pa masitepe imani kaye, nenani ngati ndi okwera kapena otsika, mupite sitepe imodzi patsogolo pake, ndipo munene mukafika yomaliza. Pa ngalande, imani m'mphepete, nenani kukula kwake, aipime ndi ndodo. Pa mpando, ikani dzanja lake pa chotsamira, akhala yekha. Pa minibasi, dzanja lake likhudze pamwamba pa chitseko kuti asagunde mutu.

Mawu akuti "uko", "apo" ndi "samala!" alibe ntchito. Nenani "kumanja kwanu, masitepe atatu" kapena "imani". Mukafika tchulani dzina lanu, musamuyese kuti "ndine ndani?" Mukamachoka nenani, asatsale akulankhula ndi mpando. Lankhulani naye mwini wake, osati mnzake amene wamuperekeza, ndipo osakweza mawu, makutu ali bwino. Pa chakudya, nenani pamene pali nsima ndi pamene pali ndiwo, basi. Ambiri amakonda kunenedwa "osaona" kusiyana ndi "akhungu", koma chabwino koposa ndi dzina lake.

Kagwiridwe ka ndodo kasiyireni amene anaphunzira, chifukwa chizolowezi cholakwika chimavuta kuchotsa. Inu muzingodziwa zoyenera kuona: ndodo imafika cha pachifuwa munthu ataima, imagwiridwa pakati pa thupi, imasesa kupitirira mapewa pang'ono, ndipo imagunda kumanzere pamene phazi lamanja lapita kutsogolo. Nsonga yake imatha msanga pa miyala, ndiye nsonga zosinthira ziikeni pa zogula zanu. Chimene mungathandize ndi kubwereza njira imene mphunzitsi waphunzitsa, monga kuchoka ku hostel kupita ku kalasi, inu muli kumbuyo osalankhula. Zizindikiro za njira zikhale zosasuntha: mjigo, thanki, pamene dothi lathera n'kuyamba simenti. Yendaninso pa sukulupo ndi maso atsopano. Ndodo imapeza za pansi zokha, ndiye mawindo otsegukira kunja, zingwe zoyanikira zovala ndi nthambi zotsika ndi zimene zimavulaza nkhope. Chitseko chikhale chotseka kapena chotsegula chonse. Mukasuntha desiki m'chipinda cha resource, ibwezeni pamalo pake.

Musaiwale oona pang'ono, amene nthawi zambiri ndi ochuluka kuposa osaona n'komwe, kuphatikizapo ana achialubino. Ambiri mwa iwo safuna braille. Yambani ndi zilembo za 18 point za Arial, zakuda pa pepala losanyezimira, ndipo fotokope ya A4 kupita pa A3 ndi 141 peresenti. Koma yesani ndi mwanayo, chifukwa amene amaona ngati akusuzumira m'paipi, kukulitsa kumamuvutitsa, zilembo zochepa zokha ndi zimene zimalowa m'diso. Akhale kutsogolo, kuwala kwa windo kuchokere kumbuyo kapena m'mbali, avale chipewa ngati kuwala kukumupweteka, ndipo kuyandikitsa buku pamphuno sikuwononga maso, musamuletse. Mizere ya m'kope idetseni ndi maka. Amene sanapimidwe maso posachedwa, kambiranani ndi makolo apite ku chipatala cha maso, monga cha Lions ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena ku Nkhoma. Magalasi a pamsika musagule.

Chinanso chosanyengerera. Awa ndi ana, ndipo mwana wosaona sangaone amene walowa m'chipinda. Muzikhala awiriawiri, chitseko chotsegula, mphunzitsi akudziwa. Mphatso zidutse ku sukulu, osati kwa mwana mmodzi mwamseri. Zithunzi zawo musaike pa Facebook popanda chilolezo cha iwo eni ndi makolo. Mwana akakuuzani za nkhanza, musazisunge, nenani kwa oyenera kapena imbani 116.

Wolangiza za ntchito anayankha:

Za ntchito zimayambira pa kusankha maphunziro, mwana akamalowa Fomu 3, osati akalemba MSCE. Pamenepa ana osaona ambiri amalangizidwa kusiya masayansi ndi kungolimbikira a zowerenga, chifukwa zojambula ndi masamu n'zovuta kuwakonzera. Vutolo ndi la zipangizo, koma amalipira ndi mwana. Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mapulogalamu ambiri amafunanso kirediti ya masamu. Ngati mwa inu muli wodziwa masamu, ameneyo asagawidwe ntchito ina. Aphunzire abacus (chowerengetsera masamu cha mikanda) ya osaona, ya mizati 13 yokhala ndi kansalu kumbuyo kuti mikanda isasunthe yokha, ndi mmene masamu amalembedwera mu braille, azikhala ndi ana a Fomu 1 ndi 2 mpata usanatsekeke.

Pa mayeso, MANEB imakonza mapepala a braille ndi a zilembo zikuluzikulu, koma imadalira zimene sukulu yalemba nthawi yolembetsa, miyezi yambiri mayeso asanafike. Kumbutsani mphunzitsi wa ku resource aone kuti dzina la mwana aliyense lalembedwa ndi mtundu wa pepala umene amagwiritsa ntchito, ndipo afunse za nthawi yowonjezera. Mwana wa zilembo zikuluzikulu akalembedwa ngati wa braille, tsiku la mayeso palibe chokonza. Teremu yomaliza muziwayesa ndi mapepala a zaka zam'mbuyo, mu mtundu womwewo, pa wotchi, pa makina omwe adzalembere. Azolowere kulemba nambala ya mayeso ndi ya tsamba pa pepala lililonse, chifukwa mapepala a braille ndi osamanga ndipo limodzi likasochera, mamalikisi apita.

Musawauze kuti ntchito za osaona ndi izi ndi izi. Funsani chimene mwana akufuna, kenako mugawe ntchitoyo m'zidutswa: ndi ziti angachite ndi kompyuta yolankhula, ndi ziti zofuna njira ina, ndi ziti zofunadi maso. Uphunzitsi, malamulo, uphungu, utolankhani wa pa wailesi, makompyuta, bizinesi ndi ulimi, zonsezi anthu osaona amazigwira. Amene angawatsimikizire bwino ndi munthu wosaona amene ali kale pa ntchito. Lemberani a Malawi Union of the Blind muwapemphe munthu woti adzacheze nawo, ndipo inu tsiku limenelo mulipire thiransipoti n'kukhala chete. Ana adzafunsa zimene sangakufunseni inu: amafika bwanji ku ntchito, anawauza liti abwana za maso ake, amachonga bwanji makope.

Asanasankhe koleji, aimbe foni yekha afunse ngati kuli ofesi yothandiza ophunzira aulumali, makompyuta olankhula, ndi mmene mayeso amalembedwera. University of Malawi ku Zomba yakhala ikulandira ophunzira osaona kwa zaka zambiri. Amene akufuna ntchito zamanja afunse ku TEVETA, ku sukulu ya ntchito zamanja ya osaona ku Mulanje, ndi ku khonsolo yoona za anthu aulumali ya MACODA, yomwe kale inali MACOHA lamulo la anthu aulumali la 2024 lisanabwere. Tsiku lotseka mafomu a koleji ndi a ngongole ya maphunziro liwerengedwe mokweza ndipo lilembedwe mu braille, chifukwa zidziwitso zotere zimamatidwa pa bolodi kapena kutuluka ngati chithunzi, ndipo wosaona amamva mochedwa.

CV ndi kalata yofunsira ntchito atayipe yekha, inu mungoona ngati masamba akhala bwino. Podzaza fomu ya pepala, werengani funso lililonse lonse, lembani zimene wanena, mumuwerengerenso asanasayine. Posayinira mupangireni kakatoni kolimba kobooledwa windo la sentimita imodzi ndi theka m'litali mwake masentimita 7, kuti mukakaika pa mzere azisayina m'katimo. Yesererani intavyu: kulowa, kupeza mpando, kuyang'ana kumene kukuchokera mawu, ndi kuyankha funso lakuti "ntchitoyi muigwira bwanji?" Yankho labwino ndi kutsegula laputopu n'kuonetsa, mphindi ziwiri. PIN ya Airtel Money, Mpamba kapena ya ku banki musaidziwe, ngakhale atakupatsani yekha. Mphunzitseni kuilowetsa ndi TalkBack atavala mahedifoni.

Wa makompyuta anawonjezera:

Pa mafomu a pa intaneti, batani la Tab limadumpha bokosi ndi bokosi, ndipo NVDA imanena dzina la lililonse. Pamene amakakamira ndi pa tizilembo topotoka totsimikizira kuti ndinu munthu. Yang'anani kaye ngati pali batani lomvetsera. Ngati palibe, muwerengereni tizilemboto, atayipe yekha. Password asankhe yekha inu mutatembenuka, ndipo imelo ndi nambala ya foni zolembedwa pa fomuyo zikhale zake, kuti yankho la koleji likabwera lifikire iyeyo.